Munthu wanga amulembera mantha ine kulibe: ndidandaule kapena ndingotuluka?

Sipanala25

Abale, ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene munasewerapo masewero olemberana nkhani pa intaneti. Kwa amene simukuwadziwa ndifotokoze pang'ono. Tilipo anthu 8, aliyense kwawo, ndipo tonse tikulemba nkhani imodzi ya chombo choyenda pakati pa nyenyezi, m'dziko lija la sewero la pa TV la Star Trek. Aliyense ali ndi munthu wake m'chombomo: wina kaputeni, wina dokotala, wina woyendetsa, wina wa zasayansi. Ukalemba gawo lako umatumiza pa imelo ya gulu, anzako n'kupitiriza pomwe wasiyira. Kulibe zigoli, kulibe wopambana. Ine ndine injiniya wamng'ono, udindo wa Ensign. Ndinasankha uinjiniya chifukwa ndi ntchito yanga kale, ndimayika masola ndi kukonza ma inverter kuno ku Lilongwe, ndiye nkhani ikafika pa mawaya sindisowa cholemba. Gululi sinditchula dzina, ndi anthu abwino ndipo sindikufuna kuwaipitsira mbiri.

Nkhani ili apa. Kwa milungu itatu ndinkakonza vuto m'chombomo pang'onopang'ono, akaputeni atandilola. Gawo lililonse ndinkaponyamo kanthu. Lero geji ya kutentha yakwera pang'ono, mawa nyali za pa deki ina zaphethira, mkuja mnyamata wanga wamva kafungo ka pulasitiki wopserera. Cholinga chinali chakuti tikayandikira nyenyezi imene timakayeza, paipi yoziziritsa injini iphulike, ndiye iyeyo akwawe m'ngalande zopapatiza zija amati Jefferies tube akatseke valavu ndi manja. Gawo langa lomaliza ndinamusiya ali m'ngalandemo, tochi kukamwa, zigongono zikupsa ndi chitsulo, kwangotsala mamita atatu kuti afike pa valavu.

Usiku womwewo anandiimbira kuti mayi agonekedwa kumudzi ku Dedza. Ndinalawirira mbandakucha. Tinadwazika masiku 16, mlongo wanga m'wodi, ine panja kuthamangira mankhwala ndi chakudya, foni kuchajitsa pa kagolosale. Za chombo sizinabwere n'komwe m'mutu, ndipo sindinatsanzike aliyense. Mayi ali bwino tsopano, tikuthokoza Mulungu.

Nditabwerako ndinapeza maimelo 52. Mayi amene amalemba wa zasayansi analemba kuti anamupeza mnyamata wanga atauma ndi mantha, akunjenjemera, misozi ili mbwembwembwe, akuti sangathe. Anamukoka miyendo, iye n'kukomoka, mayiyo n'kukwawa kukatseka valavu yanga ija. Panopa chombo chapulumuka, mayiyo amuyamikira, wanga wagona kuchipinda cha odwala, ndipo anthu atatu alemba kale m'magawo awo kuti injiniya uja anachita mantha.

Gawolo ndaliwerenga kanayi ndipo nthawi zonse mtima umawawa ngati akunena ine. Ndikudziwa kuti ndi nkhani yopeka. Koma munthu ameneyu ndinamuumba ndekha miyezi 8, usiku, m'Chingerezi chomwe si changa, ndime imodzi kuibwereza katatu. Ndiwalembere akaputeni kuti afufute gawolo? Kapena ndingotuluka mwakachetechete?

NamwinoWaUsiku

Pepani ndi matenda a mayi, achimwene, ndipo twasangalala kuti apeza bwino. Ine ndakhala m'masewero amenewa zaka zoposa khumi. Ndimalemba ndikaweruka ntchito yausiku kuno ku Leeds, tulo tisanabwere.

Apa pali zinthu ziwiri, musaziphatikize. Kukomola munthu wa mnzako amene wasowa n'kukamugoneka kuchipinda cha odwala ndi chizolowezi chakale ndithu. Ndi njira yomusungira mpaka mwiniwake abwere. Ena amamutumiza kukagwira ntchito pa deki yakutali, koma wanu anali pakati pa ngozi, sakanamusiya pamenepo. Valavu inayeneranso kutsekedwa, apo ayi anthu 7 akanakhala milungu iwiri akuyang'ana chombo chikupsa. Pamenepo mayiyo sanalakwe.

Pomwe analumpha malire ndi pa mantha ndi misozi. Zimene munthu wako akuganiza, zimene akumva mumtima ndi mawu otuluka pakamwa pake ndi zako wekha. Mnzako akakulembera zimenezo amati godmodding, ndipo sindinaonepo gulu lolola zimenezi. Akanangolemba kuti anamupeza atakomoka ndi utsi, basi, inu mukanabwera n'kunena nokha chomwe chinachitika m'ngalandemo.

Magulu akale ngati StarBase 118, lomwe linayamba mu 1994 ndipo mpaka lero amalemberana pa imelo, salola munthu kukwera chombo asanadutse maphunziro a pafupifupi mlungu umodzi. Chachikulu chimene amakuphunzitsa kumeneko ndi kusiya mpata. Munthu wako akalankhula ndi wa mnzako, umalemba dzina la mnzakoyo, kutsogolo kwake n'kuika mawu oti Response, osamuyankhira. Ine zimandikumbutsa agogo anga akamanena nthano. Ankapuma kudikira kuti tinene tilitonse, ndipo tikachedwa sankadzinenera okha, ankangokhala chete mpaka wina ayankhe.

Langizo langa ndi ili. Alembereni akaputeni paokha, osati pa imelo ya gulu, osatinso pa pulogalamu yochezerana ya Discord pomwe aliyense akuona. Ikhale kalata ya kunja kwa nkhani, yomwe timati OOC. Yambani ndi kupepesa kuti munasowa osatsanzika, muwauze chifukwa chake. Kenako munene mofatsa kuti kukomoka mwakulandira, valavu mwailandira, koma mtima wa munthu wanu simunapereke kwa wina. Zofufuta musapemphe. Anthu atatu amanga kale pamwamba pa gawolo, mukazula njerwa yapansiyo mugwetsa ntchito yawo, ndipo iwo sanakulakwireni.

Kutuluka kokha ayi. Injiniya amene amadziwa fungo la waya wopserera ndi wosowa. Ambiri amangolemba mayina ataliatali a makina opanda kanthu m'kati.

Mphenzi

Ine ndinena mosapsatira. Woyamba kulakwa ndinu, achimwene. Matenda sitikutsutsa, koma masiku 16 foni inkayaka ndithu. Mzere umodzi wopempha tchuthi, LOA ija, sudya bandulo ngakhale theka la chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp. Ndinayendetsapo kachombo kathu zaka ziwiri ndipo chimene chinakapha si mikangano, ndi anthu osowa osatsanzika. Wina wasiya funso lolendewera, anzake adikira, wachiwiri wagwa ulesi, pakutha mwezi mwatsala awiri. Enanso mwa anzanuwo ali ku America, komwe New York ili kumbuyo kwathu ndi maola 6 kapena 7 malinga ndi nyengo, ndiye ngakhale muli pomwepo yankho limodzi limatenga tsiku. Mayiyo anadikira masiku angati asanalembe? Kawerengeni madeti.

Funso langa lina ndi ili, ndipo muliyankhe mumtima. Chikukuwawani ndi mantha aja kapena valavu? Milungu itatu munkakonza ngozi yoti munthu mmodzi yekha adzaombeledwe m'manja. Adokotala munawasiyira chiyani? Woyendetsa? Wa zasayansi uja mwina anaona zizindikiro zanu zonse, geji, nyali, fungo, n'kumadikira kuti mumuitane, inu osamuitana.

Kamtsitsi

Pepani kulowerera, ine ndangodabwa kuti zoterezi ziliko. Zimafuna Chingerezi chakuthwa? Nanga bandulo?

Sipanala25

A Kamtsitsi, bandulo ayi, ndi zolemba zokhazokha, imelo imatsika ngakhale netiweki ili yofooka. Chimene chimadya ndi nthawi. Kwathu amafuna magawo atatu pa mlungu. Chingerezi chikhale chomveka basi, anzathu ena m'chombomo nawonso si chilankhulo chawo. Ndipo simukakamizidwa kulemba mzungu. Kuyambira 1966 pomwe Star Trek inayamba, pa chombo choyambacho panali kale Uhura, mkazi wakuda yemwe ankaseweredwa ndi Nichelle Nichols, dzina lochokera ku mawu a Chiswahili oti uhuru. Wanga ndi mwana wa ku Dedza, anakulira m'tsinde mwa phiri, ndipo amadandaula kuti makina opangira chakudya m'chombo satha kuphika nsima yolimba.

Asisi a ku Leeds ndi a Mphenzi, zikomo nonse. A Mphenzi mawu anu anandilasa, ndinatseka foni n'kugona osayankha. M'mawa ndinakawerenga madeti. Mayiyo anadikira masiku 9. Pa tsiku lachinayi anali atandilembera paokha kufunsa ngati ndili bwino, uthengawo unakwiririka pakati pa maimelo aja. Ndinabwereranso m'magawo anga a milungu itatu ija kuwerenga mipata imene ndinasiyira anzanga. Ndinapeza iwiri yokha, yonse ya akaputeni.

Ndinalemba kalata ija monga munanenera, asisi. Akaputeni anayankha tsiku lomwelo. Anayamba afunsa za mayi, kenako anavomera kuti mantha aja sanayenera kulembedwa popanda ine, ndipo analankhula ndi mayi wa zasayansi uja. Iye anapepesa ndipo ananena yekha kuti akhoza kukonza ndimeyo. Ndinaganiza usiku wonse, n'kumuuza kuti aisiye.

Chifukwa chake ndi ichi. Okutobala wa chaka chatha ndinalowa m'siling'i ya nyumba ina kukakoka mawaya a sola, masana, malata akuwotcha pamwamba pamsana. Ndinakwawa pamitanda mpaka kukona komwe denga limatsika, lamba n'kukola pa msomali. Kutsogolo sindingapite, kumbuyo sindingabwerere. Fumbi linadzaza kukamwa, thukuta likulowa m'maso, mpweya ukuchepa. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndikungofunika kutsitsa chiuno n'kumasula lamba, koma manja anakana. Ndinangogwira mtanda ndikumva mtima ukugunda m'makutu, mpaka mnyamata amene ndimagwira naye ntchito anaitana pa kabowo kolowera. Sindinauzepo munthu. M'miyezi 8 yonseyi ndinkalemba injiniya wosaopa kanthu, pomwe mwini wake ndikuwadziwa mantha a malo opapatiza kuposa aliyense m'chombomo.

Ndiye tagwirizana ndi mayiyo kulemba gawo limodzi awiri, pa Google Docs, iye ndime yake ine yanga. Mantha akhalapo, koma chifukwa chake ndinena ndine. Mnyamata wanga watsitsimuka kuchipinda cha odwala, wapeza wa zasayansi atakhala pambali pa bedi, manja ake atakulungidwa mabandeji chifukwa valavu ija inamuwotcha. Zimenezo analemba yekha, ine sindinaziganizire. Wanga wayang'ana manjawo nthawi yaitali, kenako wamuuza za siling'i ya kwawo ku Dedza ali mwana. Wamuuzanso kuti valavu imene anatseka ndi yachiwiri, yoyamba ikadali yotsegula kuseri kwa khoma ndipo kutentha kuyambanso kukwera, koma iye sangalowemonso yekha. Wapempha kuti adokotala amulole adzuke, woyendetsa atalikitse chombo ku nyenyezi, ndipo wafunsa mayiyo ngati angalowe naye.

Pansi pake ndalemba mayina atatu, lililonse ndi mpata wake. Ndatumiza cha m'ma 11 usiku. Kwawoko dzuwa linali lisanalowe, ndiye ndikadzuka mawa mwina ndipeza wina wayankha.