Bwanji osangowaletsa maselo a chitetezo msana ukavulala?

Tiyamike: Ndili chaka chachitatu cha udokotala wa ziweto, ndipo tikuwerenga za makoswe amene ofufuza amawavulaza mtsempha waukulu wa mumsana. Chandizunguza mutu n'chakuti chilondacho chimakulirakulirabe kwa masiku angapo, ndipo akuti owononga ndi maselo a chitetezo cha mthupi. Bwanji osangowaletsa ndi mankhwala? Galu wogundidwa ndi galimoto akamakoka miyendo yakumbuyo, ine mtima umandiwawa.

aPhiri_Lab: Chemwali, nkhani yagona pa nthawi. M'maola oyambirira mapuloteni otupitsa, TNF-alpha ndi IL-1beta, amakwera msanga. Maselo a chitetezo otchedwa ma neutrophil amachuluka pakatha tsiku limodzi, ndipo ena otchedwa ma macrophage, omwe amameza zinyalala, amachuluka pakatha pafupifupi sabata. Mu 2009 gulu la Phillip Popovich ku Ohio State University lidaona pa mbewa kuti ma macrophage ndi a mitundu iwiri. Ena, otchedwa M1, amatulutsa puloteni yotchedwa iNOS ndipo amapha maselo a mitsempha. Anzawo a M2, odziwika ndi mapuloteni a arginase-1 ndi CD206, amathandiza mitsempha kuphuka. Chomvetsa chisoni n'chakuti a M2 amazimiririka patangotha sabata, pomwe a M1 amakhalabe pachilondapo kwa milungu yambiri. Mukawaletsa onse, adzachotsa ndani maselo akufa ndi zinyenyeswazi za myelin, chikuto chamafuta cha mitsempha?

Chikondi_Edinburgh: A Phiri anena zoona. Kuno ku Edinburgh gulu la Catherina ndi Thomas Becker lidasonyeza mu 2018 kuti tiana ta nsomba ya zebrafish tikasowa ma macrophage, msana wawo ukadulidwa sulumikizana bwino. Chidandidabwitsa kwambiri n'chakuti TNF-alpha yomweyo imathandiza kuchira mu nsombayi, ndipo yolepheretsa ndi IL-1beta ikakhalitsa. Nsomba yaikulu yodulidwa msana imasambiranso pakatha milungu 6 mpaka 8.

Tiyamike: Zikomo akuluakulu. Nanga methylprednisolone, mankhwala oletsa kutupa aja ena amabaya agalu?

aPhiri_Lab: Adatchuka chifukwa cha kafukufuku wa pa anthu ovulala msana wotchedwa NASCIS II mu 1990, koma madokotala ambiri adamusiya poona kuti phindu n'lochepa ndipo odwala amagwidwa matenda ena mosavuta. Mu 2016 Natasha Olby ndi anzake adamuyesa pa agalu ofa miyendo chifukwa cha disc (kachichereŵechereŵe ka pakati pa mafupa a msana) yophulika, ndipo sanachire kuposa omwe sanalandire. Inu galu wotere akabwera, musamugwedeze msana, tsinani chala chakumbuyo mwamphamvu muone ngati akumva kuwawa, ndipo muzimuthandiza kukodza, chifukwa chikhodzodzo chikadzaza mavuto ena amayambira pomwepo.