Gemu ya ma pixel ya kusukulu, ndiyambire pati?

kaNdirande_Joni: Abale ndithandizeni, ndili chaka chachiwiri cha zamakompyuta kuno ku Braamfontein ku Joni nde atipatsa pulojekiti yopanga gemu, masabata 8 basi. Ine ndikufuna ngati zija za Game Boy, kamunthu katsika basi pa Park Station ndi chikwama cha ufa ndi usipa nde kakufuna kukafika ku Yeoville osalandidwa panjira. Koma laputopu yanga ndi agogo, RAM 4GB, Unity, pulogalamu yopangira magemu ija, ndikaitsegula fani imangolira ngati chigayo. Ndigwiritse chani?

Achimwene_a_Rosettenville: Aise Unity isiye, tenga Godot, ndi yaulere komanso siidya data ngati inayo, ndipo GDScript, chilankhulo chake cholembera code, ili ngati Python, ngati munaphunzira kale sikuvuta. Koma chimodzi chinandizunza ine sabata yathunthu, ma sprite anga, tizithunzi ta m'gemu, amaoneka ngati ndawapaka Vaseline ndikangokulitsa screen, kumangojambulanso kumaganiza kuti dzanja langa ndi lomwe lili ndi vuto, kenako kuzapeza kuti ndi ka setting kamodzi, Project Settings, Rendering, Textures, pa Default Texture Filter uyike Nearest osati Linear. Game Boy inali 160x144 ndi mitundu 4 yokha, tsatira zomwezo, ntchito yojambula ichepa kwambiri. Zojambulira Piskel ilipo pa browser yaulere.

Nachisale265: Mphwanga, Park Station mpaka Yeoville ndi ma levelo angati? Panga imodzi ithe bwinobwino, kutsika basi mpaka pa renki basi, aphunzitsi sakayang'ana kukula kwa mapu akayang'ana ngati kamunthuko kakugunda khoma kapena kakungodutsa ngati mzukwa. Ndipo chonde code yako uzisunga pa intaneti pa GitHub kuyambira lero, magetsi akuno ukuwadziwa, mnzathu wina inamuthimira akusevesa, fayilo ya scene inawonongeka kutatsala masiku 2.

Che_Mangochi: kkkkk levelo yomaliza ikhale yokhala kutsogolo mu taxi nkumawerengera anthu chenji, ameneyo ndiye bwana wamkulu wa gemu yonse

kaNdirande_Joni: Zikomo achimwene, Godot ndaitsitsa pa wifi yakusukulu ndipo yatseguka osalira. Anachisale ndamva, levelo imodzi, koma usipa sindichotsa, ndiye moyo wa kamunthuko. Funso lina, kakuthamanga kwambiri pa kompyuta ya mnzanga kusiyana ndi yanga, ndalakwitsa pati?

Achimwene_a_Rosettenville: Sunachulukitse speed ndi delta, nthawi yodutsa pakati pa frame imodzi ndi inzake. Ponya code tione.