Ngalande yafika pa ringfort, kapitawo akuti ndipitirize

Chikondi: Akuluakulu thandizeni msanga. Tikukumba ngalande ya mapaipi pa famu ina kuno ku Galway, m'dziko la Ireland, ndiye mzere ukudula m'mphepete mwa ringfort, linga lozungulira lomwe munkakhala anthu amakedzana. Kuseri kwake kuli bwinja la tchalitchi ndi manda akalekale. Ndazimitsa digger (makina okumbira), kapitawo akukalipa kuti makina ndi ahayala, ndalama ikupita. Nditani?

Mavuto: Malo ndi a mlimi. Ngati mwiniwake wavomera, kumbani achimwene.

A Phiri: Ayi, musakhudze. Tsegulani Historic Environment Viewer, mapu a boma oonetsa malo azakale, pa foni muone ngati pali kadontho kofiira. Malo akakhala mu RMP, kaundula wa malo azakale otetezedwa, lamulo limafuna kuti a National Monuments Service, nthambi ya boma yoyang'anira malo azakale, adziwitsidwe polemba kalata miyezi 2 ntchito isanayambe, ngakhale mukukumba pafupi chabe. Kapitawo wanuyo akuonetseni pepala.

Mavuto: Miyezi 2 chifukwa cha paipi imodzi? Maringfort alipo oposa 40,000 m'dziko muno, aliyense akamadikira ntchito ingayende? Mwini malo wavomera.

Tiyamike: A Mavuto, mu 2012 mlimi wina ku Kerry anamulipiritsa €25,000 atagumula ringfort pamunda pake pomwe. Kukhala mwini malo sikunamuthandize. Ndipo amene ali pampando wa digger ndi a Chikondi, osati kapitawo.

A Phiri: Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi mandawo. Mpanda umene mukuuonawo nthawi zambiri unamangidwa mochedwa, manda enieni amapitirira kunja kwake. Penanso pamakhala cillín, pomwe ankaika makanda omwalira asanabatizidwe, popanda chizindikiro kupatula timiyala. Ife ku Roscommon tinatulutsa mafupa ndi bucket ya digger, ntchito inaima, kunabwera a Garda (apolisi akuno), kenako akatswiri a zofukula zakale. Mnyamata amene ankayendetsa sanafunenso kubwerera pamalopo. Kwathu ndani angalowetse khasu kumanda mfumu isakudziwa?

Yamikani: Samalaninso ndi souterrain, njira zapansi zomangidwa ndi miyala zija. Zimapezeka m'maringfort ambiri, denga lake likhoza kugumuka ndi kulemera kwa makina. Musaimikepo digger, dothi lokumbalonso musaunjike pakhoma lake.

Mavuto: Komabe mlimi ndi amene walamula. Ingolambalalani mamita awiri basi.

Tiyamike: Mamita awiri akadali m'dera lofunika kudziwitsa boma. Jambulani zithunzi, mutumizireni kapitawo uthenga wolemba kuti mwaima chifukwa chiyani, musangolankhula pakamwa.

Yamikani: Alimi achikulire ambiri salola n'komwe kudula mtengo wa minga pamalo otere, amati ndi pa mizimu. Mlimiyo mwalankhula naye nokha, kapena mwangomva kwa kapitawo?