Mabuku osabwezedwa pa Koha: tiwabise kapena azionekabe?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito mu laibulale ya koleji ina, ndipo tilipo malaibulale anayi amene timagwiritsa ntchito Koha imodzi (pulogalamu yoyendetsera laibulale) pa seva imodzi. Chikundisowetsa mtendere ndi mabuku amene anthu anabwereka osabweza.

Dzulo kunabwera mtsikana wa chaka choyamba, kapepala kali m'manja, atalembapo nambala ya buku la anatomy. Pa OPAC, katalogi ya pa intaneti imene owerenga amafufuzirapo mabuku, anaona kuti tili nalo, ndipo deti lobwezera linadutsa kalekale, ndiye amaganiza kuti lili pa shelufu. Anafufuza mashelufu awiri onse, mpaka kugwada kuyang'ana pansi. Bukulo analitenga wophunzira amene anamaliza maphunziro chaka chatha, foni yake sikugwiranso. Mayeso ayandikira, mwanayo anabwerera chimanjamanja. Zinandiwawa kwambiri.

Ndinapempha a ICT kuti ayatse longoverdue.pl, kapulogalamu ka mu Koha kolemba mabuku ochedwa kubwezedwa ngati otayika, buku likapitirira masiku 90 lizilembedwa kuti Long Overdue, kenako tizilibisa ndi hidelostitems, setingi yobisa pa OPAC mabuku olembedwa kuti atayika. Anzathu a laibulale ina akukana. Akuti kwawo aphunzitsi amasunga buku semesita yonse, ndipo likabisika palibe angakumbuke kugula lina. Kodi pali njira yoti tibise athu okha, awo azionekabe?

Yankho loyamba: Achimwene, hidelostitems ndi ya onse. Mukaisintha, mwasinthira malaibulale anayi onsewo. OpacHiddenItems, setingi ina yobisira mabuku pa OPAC, nayonso chimodzimodzi. Chimene mungachite n'choti longoverdue.pl igwire mabuku a laibulale yanu yokha, ili ndi --library, komanso --skip-category yodumphira aphunzitsi. Awo akapanda kulembedwa kuti atayika, sabisika. Yambani mwaiyendetsa popanda --confirm, ingokuonetsani zimene ikanachita.

Yankho lachiwiri: Chonde onani kaye MarkLostItemsAsReturned, setingi imene imalemba buku lotayika ngati labwezedwa, musanayatse longoverdue.pl. Ife tinaiwala, m'mawa mwake mabuku anali atachoka pa maakaunti a obwereka ngati anabweza. Tinatha sabata tikufufuza kuti ndani anatenga chiyani. Komanso mukafuna kulipiritsa, onani 952$v, pamene pamalembedwa mtengo wogulira buku lina m'malo mwa lotayikalo. Pakakhala popanda mtengo, munthu mumulipiritsa zingati?

Yankho lachitatu: Ine ndikugwirizana ndi anzanuwo. Musabise. Sinthani mawu a LOST (osonyeza kuti buku latayika) amene amaoneka pa OPAC, alembedwe kuti "Silinabwezedwe, funsani pa kauntala". Mwana akawerenga zimenezo sapita ku shelufu, amabwera kwa inu, mumuitanitsira ku laibulale inayo. Mgwirizanowo munaupangira zimenezo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Za MarkLostItemsAsReturned sindinaziganizeko n'komwe, mwandipulumutsa amayi. Mawu a pa OPAC ndiwasintha, koma ndiyambe ndawafunsa anzathu atatuwo Lachinayi pa msonkhano, poti aziwaona nawonso. Chatsala n'chimodzi: amene anaika kale hold (pempho loti amusungire buku likabwezedwa) pa buku lotere, hold yakeyo imachoka yokha likalembedwa kuti latayika, kapena ndizichotsa pamanja n'kumuimbira foni?