Ndikonzekere bwanji kuyezedwa kwa Class 1 pamene BP imandikwera ndikaona dokotala?

Akuluakulu ndi anzanga amene mumayendetsa ndege, ndikupempha nzeru zanu. Ndikuphunzira kuyendetsa ndege ku South Africa, ndipo mwezi wamawa ndikaonana ndi dokotala wovomerezedwa ndi bungwe la SACAA, loyang'anira za ndege m'dzikomo, kuti ndipeze chiphaso cha zaumoyo cha Class 1, chimene aliyense wofuna kulembedwa ntchito youlutsa ndege ayenera kukhala nacho. Za maso sindikudandaula kwenikweni, chifukwa magalasi amaloledwa malinga ukhale ndi ena apadera, ndipo manambala a pa makadi a Ishihara, oyezera ngati maso amasiyanitsa mitundu, ndimawawerenga bwinobwino.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi BP. Kunyumba makina amaonetsa 128/82, koma nesi akangondimanga lamba uja pamkono, mtima umagunda ngati ng'oma ndipo manambala amakwera mpaka 150/95. Kodi ndi bwino kupita ndi kope limene ndakhala ndikulembamo zotsatira m'mawa ndi madzulo, kapena dokotala amangotenga zimene wayeza yekha? Khofi ndaleka, mchere ndachepetsa, ngakhale kuti nyama yootcha ya Loweruka ikundivutabe kusiya.

Ndifunsenso ngati tsiku loyeza mkodzo, makutu ndi ECG (kagundidwe ka mtima) munthu amayenera kupita asanadye kanthu. Amene munadutsamo kale, chonde ndiunikireni.