Kasitomala akufuna kundisiyira mphaka masiku anayi, ndivomere?

Wa agrovet (shopu ya mankhwala a ziweto) ku Kapata, m'tauni ya Chipata: Anzanga a ntchito, ndithandizeni maganizo. Amai ena amene amagula mankhwala a nkhuku pashopu panga akupita ku Lusaka pa Chinayi, adzabwera pa Sondo usiku. Ali ndi mphaka wamphongo wamkulu, wapanja, amagona m'kachipinda kosungira chimanga, m'nyumba amangolowa nthawi yodya. Akuti ndiwasungire kuno kushopu, adzalipira. Khola lomwe ndili nalo ndi lija la anapiye. Ndivomere? Nanga ndiwauze zingati?

Veti wothandizira, Katete: Ayi asisi, musavomere. Mphaka wozolowera kuyenda yekha simungamutsekere m'khola la anapiye, pamalo achilendo ponunkha dipu, anthu akulowa ndi kutuluka tsiku lonse. Adzakana kudya, ndipo tsiku lomwe mudzatsegule kuti muikemo madzi adzakudutsani pamiyendo. Kenako ayambe kufuna njira ya kwawo pakati pa njinga ndi magalimoto a pamsika, mlandu n'kukhala wanu. Musiyeni pakhomo pake, munthu ndiye azipita kwa iye.

Mdala wa ku Chadiza: Ife kumudzi mphaka sitimufunira womulera. Masiku anayi okha? Makoswe alipo, adzadya. Ana a m'tauni mwayamba zodabwitsa.

Veti wothandizira, Katete: A mdala, wa kumudzi uja anakula akusaka, ndipo eni ake akachoka amakadyera pa aneba. Uyu anazolowera mbale. Komanso uno ndi Okutobala, dzuwa mukuliona, madzi a m'kambale amauma tsiku lisanathe. China, mphaka wonenepa akasiya kudya masiku angapo mafuta amadzaza m'chiwindi, ndipo matenda amenewo kuchiza kwake n'kovuta.

Mai a ku Lundazi: Ndigwirizana ndi a ku Katete. Mwana wanga, ntchito yako apa si kusunga mphaka koma kupeza munthu wokhulupirika wapafupi ndi kumuphunzitsa. Ayambe mawa lomwe, eni ake asanachoke. Azibwera m'mawa ndi madzulo pa nthawi yomwe mphaka amadyera, amai aja ataima pambali, iye ndiye aziika chakudya ndi kugogoda mbale. Pofika pa Chinayi mphaka adzakhala atazolowera mawu ake.

Chakudya chikhale chomwe amadya kale, uno si mlungu woyesera zatsopano. Ngati ndi kapenta, amuviike m'madzi mchere uchoke, amuphike popanda anyezi, ndipo amai aja agawiretu m'timapepala ta tsiku lililonse. Ndanena za anyezi dala chifukwa aneba athu ndi achifundo, amangokokolola m'poto n'kupatsa chiweto. Anyezi ndi adyo amawononga magazi a mphaka. Mkaka nawo ausiye, amphaka ambiri akuluakulu umawatsegula m'mimba. Aziika chongokwanira kudya nthawi imodzi, chifukwa ndi kutentha kuno nsomba yophika ikakhala mpaka madzulo yasasa.

Nyerere: kambale ka chakudya kaikidwe m'kati mwa mbale yaikulu yokhala ndi madzi pang'ono. Agalu ndi nkhuku: aike pamwamba, pawindo kapena pa dilamu. Madzi akhale malo awiri pamthunzi, m'chiwiya cholemera chosagubuduzika. Ndipo chonde, asakhome chitseko cha kachipinda komwe amagona kaja poopa akuba n'kuiwala kuti mwini malo alibe polowera. Ngati chimanga chiyenera kukhomeredwa, amuikire katoni ndi thumba lomwe amagonapo pakhonde, lero lomwe.

Wa agrovet ku Kapata: Zikomo amai. Akuti pali mnyamata wa aneba, wa giredi 11, amawatungira madzi. Koma ine pamenepa ndidyapo chiyani?

Wa ku Mfuwe: Mudyapo pa kuyendera. Mupiteko kamodzi pa Chisanu kapena pa Chiweru, mulipiritse ya njinga kupita ndi kubwera, ndi ya nthawi yanu pang'ono. Mnyamata alipidwe yake payekha, amugulirenso bandulo azitumiza chithunzi cha mphaka akudya pa WhatsApp, kwa inu ndi kwa eni ake. Mawu akuti "ali bwino" sakwanira, ana amanena choncho ngakhale sanamuone.

Koma chimene ndikufuna mumuuze mnyamatayo mobwereza ndi mankhwala. Asampatse Panado ngakhale aoneke wofooka, piritsi limodzi limatha kupha mphaka. Asamuwaze dipu wa ng'ombe kapena mankhwala a nkhupakupa a agalu akaona utitiri, makamaka okhala ndi permethrin, mphaka amayamba kunjenjemera ndi kukomoka. Ndipo pa mlungu umenewu pasaikidwe mankhwala a makoswe m'chimangamo. Akuimbireni foni nthawi yomweyo ngati mphaka wadumpha chakudya tsiku lathunthu, wabwera ndi bala, kapena akuvutika kuti akodze koma mkodzo osatuluka. Chomalizachi kwa wamphongo sichidikira mawa.

Mdala wa ku Chadiza: Za Panado ndavomereza. Onjezani ichi: aneba ena onse auzidwe kuti mphakayo ali ndi mwini. Mphaka wolira usiku pakhomo popanda anthu, ena amamuganizira zina n'kumugenda.

Wa agrovet ku Kapata: Ndalankhula nawo, avomera kuti akhale pakhomo, mnyamata ayamba mawa m'mawa. Koma nditafunsa za katemera wa chiwewe akuti anabayitsa galu yekha, mphaka sanabayidwepo.

Veti wothandizira, Katete: Amaiwo apite naye ku ofesi ya veterinary ya boma asananyamuke, m'basiketi yotseka bwino, osati kumunyamula pamanja. Koma mudziwe kuti katemera woyamba amatenga pafupifupi milungu inayi kuti ateteze mokwanira, ndiye pa ulendo uno musamuwerengere. Mnyamata asamugwire kapena kumunyamula, aziika mbale n'kuchoka. Akalumidwa kapena kukalidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Makolo ake muwauze zimenezi inu nomwe pamaso, osati kudzera mwa mwanayo.