Mwana ali ndi khansa ya m'magazi koma apongozi akuti tisiye mankhwala

Admin ndibisireni dzina chonde. Abale ndithandizeni nzeru, mutu wanga waima. Mwana wanga wamkazi wa zaka 4 anamupeza ndi khansa ya m'magazi, madokotala akuti leukemia ya mtundu wa ALL. Zinayamba ngati malungo, thupi kutentha osaleka, kuyeza malungo mulibe, kenako magazi kuchepa, nkhama kutuluka magazi, miyendo kuwawa mpaka kukana kuyenda, ndiye kuchoka kwathu ku Mangochi anatitumiza ku Queens.

Mwezi woyamba wa chemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, unali wowawa, masaya kutupa ndi mankhwala ena otchedwa prednisolone, pakati pausiku kudzuka kulira kuti akufuna nsima ndi dzira. Koma pano akusewera, akuthamanga ndi anzake. Vuto layambira pomwepo. Apongozi akuti mwana wachira nanga mukumubayiranji pamsana, mumulumalitsa, mbwere naye kumudzi timupezere mankhwala achikuda. Bambo ake nawo ayamba kumvera mayi awo poti transport yatimaliza, mbuzi tinagulitsa kale, pomwe adokotala akuti mankhwalawa ndi a zaka ziwiri kapena kupitirira. Ine mtima ukukana koma pabanja pano mawu anga ndi ochepa. Ndiwauze bwanji osaoneka wamwano?

Mayankho

Mayi wina: Sisi musayerekeze kusiya. Wanga anadutsa momwemo. Kuoneka bwinoko ndi mankhwala agwira, koma khansa ina imatsala yobisala, mukasiya imabwerera ndipo ikabwerera imavuta kuposa poyamba. Apongozi musakangane nawo, atengeni limodzi ndi bambowo tsiku la clinic akamve okha pakamwa pa dokotala. Mawu omwewo mukanena inu ndi mwano, akanena wovala choyera amagwedeza mutu.

Namwino: Jakisoni wa pamsana uja amathira mankhwala m'madzi ozungulira ubongo, chifukwa opita mumtsempha safikako bwino ndipo leukemia imakonda kubisala kumeneko. Achikuda musamupatse, chiwindi chake chili kale pa ntchito yaikulu. China, gulani thermometer. Ikafika 38 thamangani kuchipatala chapafupi olo usiku ndi buku lake, muwauze kuti ali pa chemo, osangomumwetsa Panado nkumadikira kuche, chitetezo chake ndi chochepa kwambiri pano.

Bambo wina: Za transport musabise, uzani manesi a kuwodi kapena a social welfare, nthawi zina amapeza pokuthandizani. Bambo mnzangayo mwina sikuti akukhulupirira za kumudzi, akungochita manyazi kunena kuti thumba lauma. Ankhoswe alowererepo.

Wina: Mapemphero pitirizani mama, koma wokuuzani kuti mutaye mankhwala kuti muonetse chikhulupiriro ameneyo mumuthawe.

Mwini funso: Zikomo nonse, za ankhoswe ndiyesa Loweruka lino. Anamwino, nanga mkulu wake wabwera kusukulu ndi chifuwa ndipo amagona mphasa imodzi, ndiwalekanitse?